Mnzathu waponya chiphaso cha wangongole pa gulupu, kodi adimini ndimangidwa?

Mlembi wa ku Chinamwali analemba:

Moni nonse. Ndine mlembi wa banki mkhonde ya amayi kuno ku Chinamwali, ndipo popeza ndine amene sindikhalitsa opanda bandulo, anandiikanso uadimini wa gulupu yathu ya WhatsApp. Ambirife timagulitsa mumsika waukulu wa Zomba, ena kaunjika, ena tomato, ena nsomba.

Mayi wina anakongola K180,000 kuti akaode matemba ku Kachulu, kunyanja ya Chilwa. Nthawi yobweza yakwana, iye zii, kumsonkhano osabwera, foni osayankha. Ndiye msungichuma wathu, munthu wamtima wapachala, anatenga chithunzi cha chiphaso cha unzika cha mayiyo, chimene tinajambula tsiku lolowa m'gulu, n'kuchiponya pa gulupu. Pansi pake analemba kuti “mbava iyi, aliyense woiona atiuze.” M'mawa mwake anabwerezanso, madzulo anaponya voisi yotukwana mpaka kutchula za m'banja mwa eni ake. Ine ndinali kumaliro ku Jali, netiweki yovuta, ndinaziona mochedwa. Pamene ndimatsegula foni n'kuti chithunzicho chitafika kale pa gulupu ya kumpingo ndi ya makolo a kusukulu kumene mwana wa mayiyo amaphunzira.

Dzulo kwabwera amuna a mayi wangongoleyo. Sanakalipe ayi, anangokhala pakhonde, chipewa chili pabondo, n'kunena kuti akukadandaula kupolisi ndipo woyamba kutchulidwa ndine chifukwa gulupu ndi yanga. Ine sindinalembe kanthu. Kodi lamulo la za pa intaneti limagwira adimini? Nanga ndifufute gulupu yonseyo zisanafike patali? Ndalama zathu nazonso tikuzifuna, tikugawana mu Disembala.

Wophunzira zamalamulo ku yunivesite ya ku Chirunga anayankha:

Amayi, choyamba musafufute gulupu. Kufufuta kumachotsa zinthu mufoni mwanu mokha, mwa anzanu zimatsala, ndipo mawa zidzaoneka ngati mumabisa umboni. Jambulani masikirinishoti oonetsa amene anatumiza, tsiku ndi nthawi, musunge. Mukatero lembani pa gulupu pomwepo kuti zimene zinatumizidwazo gulu silinagwirizane nazo ndipo aliyense asiye kuzimwaza. Uthenga umenewo udzakuyankhulirani.

Lamulo limene mukufunsalo ndi Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016. Gawo 87 limanena za munthu amene mwadala komanso mobwerezabwereza akugwiritsa ntchito foni kapena kompyuta kusowetsa mnzake mtendere kapena kumulowerera pa za moyo wake popanda chifukwa chomveka. Chilango chake ndi chindapusa cha K1,000,000 ndi kukhala kundende miyezi 12. Gawo 86 ndiye lolemera, limakhudza kuzunza munthu ndi mawu olaula kapena kumuopseza kuti umuvulaza, ndipo pamenepo ndi K2,000,000 ndi zaka 5. Taonani mawu awiri aja, mwadala ndi mobwerezabwereza. Akuloza chala amene anatumiza. Msungichuma wanu anaponya chithunzi, kubwereza, kuonjezera voisi. Iyeyo ndiye ayenera kusowa tulo kuposa inu.

Koma sindikunamizani kuti adimini ndi mfumu yosakhudzika. Pa milandu, wothandizira kapena wolimbikitsa mnzake kulakwa amawerengedwa pamodzi ndi wolakwayo. Mukanakhala kuti munayankha “eya, amve manyazi,” kapena munatumiza nokha ku gulupu ya kumpingo, bwenzi tikukamba zina. Ku India nkhani yotere inafika kumakhoti akuluakulu, la Bombay mu 2021 ndi la Kerala mu 2022, ndipo onse anati adimini salangidwa pa zolemba za membala ngati panalibe kupangana. Zigamulo za kumeneko sizimanga makhoti athu, ndangozitchula kuti muone mmene oweruza ena anaiganizira.

Pa mawu oti “mbava” pali kusintha kumene ambiri sanakumve. Mu 2025 Khoti Lalikulu, litakhala ngati khoti la za malamulo oyendetsera dziko, linathetsa gawo 200 la Penal Code, limene linkachititsa kuti kuipitsa mbiri ya munthu kukhale mlandu womangitsa. Izi sizikutanthauza kuti tsopano tizitukwanana mwaufulu. Woipitsidwa mbiri akhozabe kukusumira payekha kuti umulipe chipukutamisozi. Ndipo kulephera kubweza ngongole si kuba, ngakhale kumapweteka chimodzimodzi.

Mukaitanidwa kupolisi pitani, musathawe, mutenge masikirinishoti aja ndi buku la gulu. Ine ndikadali wophunzira, choncho kafikeninso ku Legal Aid Bureau, ali ndi ofesi mu Zomba momwemuno.

Wakabaza wa pa Mpondabwino anayankha:

Inu achimwene a ku Chirunga mwayankhula bwino, koma malamulo anuwo amateteza wokongola yekha? Anthu adya ndalama za amayi osauka, akabisala, ukawatulutsa poyera iwe ndiwe wolakwa. Ifenso pa siteji tili ndi gulu losonkha, ndipo mankhwala a wothawa ndi ngongole ndi manyazi basi. Kukhoti kumafuna nthawi, ife tikasiya njinga tsiku limodzi kunyumba sikuphikidwa. Amayi musaope, bambowo akungokuopsezani kuti muiwale ngongole.

Wokonza mafoni pafupi ndi depoti anayankha:

Akabaza, manyazi mumanenawo ndi amene achititsa kuti ngongole ya K180,000 isanduke nkhani ya kupolisi. Dzana amene anali ndi mangawa anali mmodzi, lero wokongoza ndiye akupepesa.

Ine ndikambe za chiphasocho, chifukwa ndi chimene chandiwawa kwambiri. Nkhope ya munthu anthu amaiona kale mumsika. Koma pa chiphaso cha NRB pali nambala yake, tsiku lobadwa, dzina lonse. Kuyambira 2018 simukhadi iliyonse imalembetsedwa ndi chiphaso, ndipo Mpamba ndi Airtel Money zimayenderanso pomwepo. Akuba a pafoni aja, oimba kuti “ndatumiza ndalama molakwitsa, bwezani,” chimene amasaka ndi zinthu ngati zimenezi, kuti akamakuimbira azikutchula dzina lonse iwe n'kukhulupirira. Ndimawaona anthu pabenchi yanga akulira, foni ili m'manja, ndalama zitapita. Tsono mwamwaza chiphaso cha mayiyo m'magulupu atatu, mwa anthu amene simuwadziwa n'komwe. Dziko lino lili ndi Data Protection Act ya 2024, ndipo amene anapatsidwa udindo woyang'anira ndi MACRA. Mfundo yake yaikulu ndi yosavuta: zimene munthu wakupatsa pa chifukwa china usakazigwiritse ntchito pa china. Mayiyo anapereka chiphaso kuti alowe m'gulu, osati kuti chikaonekere kwa makolo a kusukulu ya mwana wake.

Anthu ambiri amadzinamiza kuti WhatsApp ndi yobisika. Zoona, kuyambira 2016 mauthenga amayenda otsekedwa, ngakhale kampani ya foni singawawerenge panjira. Koma akafika mufoni ya munthu atseguka, ndipo milandu ya pa WhatsApp imayambira pa sikirinishoti ya membala mnzanu, kapena pa foni imene yalandidwa ngati umboni. Palibe ufiti wa makina pamenepo.

Amayi, zoti muchite pa foni ndi izi. Adimini ali ndi mphamvu yofufutira aliyense uthenga wa membala, koma mpata wake ndi wa masiku awiri okha, ndiye kwa inu nthawi yatha. Lowani m'masetingi a gulupu, muike kuti otumiza akhale maadimini okha mpaka mitima izizire. Muimbirenso maadimini a kumpingo ndi kusukulu kuja, muwapemphe alengeze kuti aliyense achotse chithunzicho. Ndipo zithunzi za ziphaso za anzanu enawo zichoke mufoni ya msungichuma. Lembani manambala m'buku, buku likhale m'bokosi la makiyi atatu lija mumasungira ndalama.

Mphunzitsi wopuma wa ku Domasi anayankha:

Mwana wanga, bambo amene wabwera n'kukhala pakhonde osakalipa sanatseke khomo. Akanafuna kupolisi akanapita osakuuzani. Tengani wapampando ndi msungichumayo, mupite kwa eni ake pamaso pa amfumu kapena akuluakulu a mpingo. Msungichuma akapepese ndi pakamwa pake, apepesenso pa gulupu pamene analakwirapo. Kenako mutulutse buku, mugwirizane kabwezedwe, asainirane. Zikakanika, ngongole yolembedwa imatha kupita kukhoti la majisitireti. Mwafunsako chimene chinagwa ku matembawo? Nyanja ya Chilwa ija si yodalirika, mu 2018 inaphwa anthu n'kumayenda pansi pamene pankadutsa mabwato.

Mlembi wa ku Chinamwali anayankhanso:

Zikomo nonse. Gulupu ndaitseka, masikirinishoti ndasunga, ndipo adimini wa kumpingo walengeza kale. Wa kusukulu sakuyankha foni. Aphunzitsi, ndafunsa kwa mlamu wa mayi wangongole uja, akuti matemba anaodadi koma ananyowa ndi mvula panjira, anagulitsa motaya. Vuto latsala ndi msungichuma. Akukana kupepesa, akuti apepese ndi amene anadya ndalama, ndipo amayi ena angapo ali mbali yake. Tikumana Loweruka masana kwa wapampando. Achimwene a ku Chirunga, kodi pepala logwirizana kabwezedwe likasainidwa pamaso pa amfumu limagwira ntchito kukhoti, kapena mpaka pakhale chidindo cha loya?