Ulendo wa ku Namib: tsiku tilisankhe poyang'ana mwezi

Amalume: Moni nonse. Nkhani ya ulendo wathu wokajambula nyenyezi m'chipululu cha Namib ku Namibia tiimalize sabata ino. Malo ogona amadzadza msanga.

Azakhali: Ine ndinanena kale, tipite mu December ana ali pa holide.

Achimwene: Pepani Azakhali, December sizitheka. Pakatikati pa Mlalang'amba, pamene pamawala kwambiri paja, nthawi imeneyo pamakhala mbali imodzi ndi dzuwa, ndiye usiku sipaoneka. Mu June ndi July pamadutsa pamutu penipeni, komanso kumwamba kumakhala kopanda mitambo.

Azakhali: Nanga nyenyezi zimatha mu December?

Achimwene: Sizitha ayi, koma chimene tikuyendera mtunda wonsewo ndi chimenecho. Chachiwiri ndi mwezi. Ukakhala wathunthu umaphimba nyenyezi zing'onozing'ono zonse, chithunzi chimatuluka ngati mwajambula masana. Tipeze masiku amene mwezi uli mumdima, atatu kapena anayi, zina zonse zitsatire pamenepo.

Alamu: Ndagwirizana nazo. Ine ndiyang'ana kalenda ya mwezi madzulo ano nditumize masiku ake.

Mzime: Ine ndikufuna ku Deadvlei! Mitengo youma ija yakhala chiimire zaka mazanamazana, kumbuyo kwake milu ya mchenga wofiira, pamwamba nyenyezi.

Alamu: Apo pali vuto, mlamu. Deadvlei ili mkati mwa Namib-Naukluft National Park, ndipo geti lolowera m'pakiyo, la ku Sesriem, limatsekedwa dzuwa likamalowa. Ogona pakampu ya mkati amawawonjezera ola limodzi lokha, pomwe kuchokera ku Sossusvlei, dera limene kuli Deadvlei, kubwerera ku Sesriem ndi makilomita pafupifupi 60. Mdima weniweni usanagwe mumayenera kukhala mutanyamuka kale.

Achimwene: Deadvlei tikaione m'mawa. Za usiku ine ndikuti NamibRand Nature Reserve. Mu 2012 anaizindikira kuti ndi International Dark Sky Reserve, kutanthauza malo otetezedwa kuti usiku kumwamba kuzikhala mdima weniweni, ndipo magetsi a m'malo ogona amawaphimba dala kuti asawalire kumwamba. Kumeneko ngakhale Magellanic Clouds, timitambo tiwiri toyera tija, mumationa ndi maso okha.

Amalume: Kamera yabwino ilipo imodzi. Enafe tizingoonerera?

Achimwene: Ayi Amalume, mafoni ambiri atsopano ali ndi Night mode, bola foni isagwedezeke. Chofunika ndi tripod, choimikapo kamera cha miyendo itatu chija, ngakhale yaing'ono. Pa kamerayo ndiyamba ndi f/2.8 ndi ISO 3200 kuti igwire kuwala kochuluka, ikhale yotsegula masekondi 20 pa lens ya 24mm. Mukapitirira pamenepo nyenyezi zimasanduka timizere chifukwa dziko likuzungulira. Focus ndiika pamanja, poti mumdima kamera payokha imangosakasaka osapeza kanthu.

Achemwali: Nanga chithunzi cha banja lonse chimene Agogo apempha? Ana anga sangaime masekondi 20 osatakataka.

Achimwene: Tiwawalitsa ndi flash kamodzi kokha, kenako aime chilili mpaka kamera itseke. Tiyesa kangapo, chimodzi chituluka.

Achemwali: Chabwino. Koma aliyense atenge juzi yokhuthala ndi chipewa. Mu June chipululu usiku chimazizira mpaka kufika pafupi ndi 0°C. Ndipo nsapato zotseka, chonde, kuli zinkhanira.

Alamu: Kuzizira komweko kumamaliza batire msanga. Yapadera muziisunga m'thumba la mkati, pafupi ndi thupi. Lens musasinthire panja kukakhala mphepo, mchenga wake ndi wosalala kwambiri, ukalowa m'kamera kuuchotsa n'kovuta.

Achimwene: Pempho langa lalikulu ndi la matochi. Maso amatenga mphindi 20 kapena 30 kuti azolowere mdima, ndiye munthu mmodzi akangoyatsa tochi yoyera kapena foni, tonse tiyambiranso poyamba, chithunzinso chawonongeka. Tigule matochi ofiira.

Mzime: Matochiwo ndisamala ine. Angati?

Achemwali: Asanu akwana, ana azigwirizana ndi akuluakulu.

Azakhali: Basi mwandigonjetsa, June yemweyo. Koma Agogo asakhale panja mpaka pakati pa usiku.

Achimwene: Sipafunika kutero Azakhali. Mu June Mlalang'amba umakhala utatuluka kale chakum'mawa mdima ukangogwa. Chithunzi cha banja tiyambira chimenecho, Agogo akagone, otsalafe tipitirize.

Amalume: Zamveka. Alamu tumizani masikuwo lero, ine mawa ndifunsa za malo ogona a anthu 11.