Thandizo pa nkhani yoyang'anira netiweki kuno ku Ulongwe

Abale a za manetiweki, ndithandizeni maganizo. Ndimagulitsa WiFi kuno ku Ulongwe, ma router ndi a MikroTik, ma antena a Ubiquiti, ina ili mpaka cha ku Domwe uko. Vuto ndi lakuti rede (netiweki) ikagwa ndimamvera kwa makasitomala, foni kulira usiku munthu atakwiya kale.

Ndikufuna kukonza kanthu konga NOC (chipinda choyang'aniramo netiweki) ya makampani akuluakulu aja, komwe anthu amasinthana mashifiti usana ndi usiku maso ali pa sikirini, koma ine ndili ndekha ndi laputopu yakale basi. Pa mapulogalamu oyang'anira netiweki, The Dude ndi yaulere komanso ndi ya MikroTik yomweyo, koma ena akuti Zabbix ndiye yeniyeni poti imakoka zonse pa SNMP (njira yofunsira zida za netiweki momwe zikuyendera) n'kutumiza uthenga pa Telegram, nanga iyoyo siilemera pa makina ofooka ngati angawa?

Chinanso, ping (kauthenga koyesera ngati chida chili pa netiweki) ikasiya kuyankha mumadziwa bwanji kuti magetsi athima, batire ya sola yatha kapena mphepo yapotoza antena? Dzinja lino kuthamangitsa njinga yamoto m'matope kukangopeza kuti ndi batire, ayi ndithu zimawawa. Amene munagwirapo mu NOC, mumayamba kuyang'ana chani?