Mnyamata wa Fomu 2 wamenyanso mnzake, kansolingi sikugwira

Patroni wa G&C (Guidance and Counselling, uphungu wa ana asukulu): Aphunzitsi anzanga, mutu waima. Mnyamata uja wamenyanso mnzake, ulendo uno ndi mpini wa khasu nthawi ya manyuwo. Ndikamuitana amangoti zii, maso pansi, mwendo ukunjenjemera. Ahedi akuti komiti ya disipulini imupatse sasipenshoni Lachisanu. Nanga akabwerako ndidzatani naye?

Achikulire a masamu: Chamba chimenecho. Musataye nthawi.

Madamu a Chichewa: Mumamuitana nthawi yanji? Akangomenya kumene sangamve kanthu, mtima uyambe watsika. Komanso osati mu sitafu rumu aphunzitsi atatchera khutu. Khalani naye pansi pa mtengo, poti anthu akukuonani koma sakumva, mukhale cham'mbali osayang'anizana. Funso loti "wamenyeranji" lisiyeni. Mufunseni chomwe chinachitika asanatole mpiniwo, ananena chiyani mnzakeyo, m'thupimo ankamva bwanji.

Depyute: Ndipo musamuimire pakhomo. Kumene ndinkaphunzitsa kale aphunzitsi ena anatchinga chitseko kuti wotereyu asatuluke, anawaluma dzanja mpaka anakasokedwa kuchipatala. Osamugwira, osamukalipira pagulu. Chikwapu ndiye musayerekeze, mudzachotsedwa ntchito ndinu.

Achikulire a masamu: Muoneni maso ndi milomo. Ndaphunzitsa anyamata ambiri ine. Chamba.

Wa zosamalira ana kuboma: Bambo, ngakhale chitakhala chamba, sitithamangira ku Zomba Mental. Ayambe waonedwa ndi namwino wa matenda a maganizo pachipatala cha boma. Apatroni, chonde musathamangire kuitana bambo ake musanadziwe za kunyumba. Ana ambiri omenya anzawo nawonso amamenyedwa, ndiye kalata ya sasipenshoni ikafika m'manja olakwika mwanayo akagona ndi mabala. Musamulonjezenso kuti zonse mudzasunga chinsinsi. Akaulula za nkhanza, muyenera kutidziwitsa ife kapena a Victim Support kupolisi, ndipo nambala ya foni yothandiza ana ya 116 ndi yaulere. Womenyedwayo wamuona ndani?

Madamu a Chichewa: Eya, timamuiwala ameneyo, kenako abale ake amadzabwezera panjira.

Achikulire a masamu: Mudzandiuza. Fufuzani amene amayenda naye poweruka.

Depyute: Vuto lina G&C ilibe ndi piriyodi yomwe pa taimutebulo. Patroni yemweyo ali ndi makalasi odzaza, kansolingi azichita pa buleki? Kwanuko mumatani?