Percy Jackson pa Broadway: bwanji anyuzipepala analinyoza pomwe ana ankalikonda?

Mayi wa anyamata awiri:

Abale, ndithandizeni nzeru. Mwana wanga woyamba, wa zaka 13, wakakamira chimbale cha sewero loimba la The Lightning Thief, lija lochokera m'buku la Rick Riordan la mu 2005 lonena za mnyamata Percy Jackson ndi milungu ya Agiriki. Kuwerenga kumamuvuta mwanayu, zilembo zimamusokonekera m'maso, koma nyimbo za m'seweroli waziloweza zonse. Panopa ndiye amene akundiphunzitsa kuti Poseidon ndani, Hades ndani, ndi chimene chinamukwiyitsa Zeus mphezi yake itabedwa. Nditafufuza pa intaneti ndinadabwa. Seweroli litafika pa Broadway, dera la maholo akuluakulu a zisudzo ku New York, mu Okutobala 2019, olemba ndemanga m'nyuzipepala zikuluzikulu analinyoza kwabasi, pomwe achinyamata ankatuluka m'holo akulitamanda. Akatswiriwo anaona chiyani chimene ana sanaone? Sindifuna kumuletsa chinthu chimene chamutsegula mutu, komanso sindifuna azikula akutamanda zopanda pake.

Wagitala:

Mayi, yambani mwaona kumene seweroli linabadwira. Linayamba mu 2014 ngati kasewero ka ola limodzi kopangira ana. Mu 2017 analikuza n'kulionetsa ku Lucille Lortel Theatre, holo ya anthu pafupifupi 300 ya ku New York komweko koma osati ya pa Broadway, ndipo kumeneko linalandiridwa bwino. Azisudzo ndi 7 okha, ambiri a iwo akusinthasintha zovala kuti akhale milungu, zilombo ndi ana. Nyimbo za Rob Rokicki ndi za rock, gitala wamagetsi ndi ng'oma zolira mwamphamvu. Pali pena pamene Percy amaphulitsa madzi m'chimbudzi, ndiye m'malo mwa madzi enieni amatenga makina ouluzira masamba n'kupemerera mapepala a kuchimbudzi pamitu pa oonerera. M'holo yaing'ono anthu amafa nazo chiseko. Koma zomwezo mukazitengera ku Longacre Theatre ya pa Broadway, ya anthu oposa 1,000, kumene tikiti ndi yodula ndipo pafupi pomwepo pali masewero owala ngati Moulin Rouge!, wolemba ndemanga amangoona umphawi wa siteji.

Mphunzitsi wopuma:

Achemwali, mwanayo musiyeni amvere, ndipo tsiku lina mukhale naye pansi mumvetsere limodzi. Percy mwiniyo ali ndi vuto lowerenga, sachedwa kutaya chidwi m'kalasi, ndipo masukulu akhala akumuchotsa. Kenako amauzidwa kuti zimene aphunzitsi ankazitcha chilema ndi chizindikiro choti ndi mwana wa mulungu wa nyanja. Ine ndaphunzitsapo ana otere, aja amakhala kumbuyo atazolika mutu kuopa kuuzidwa kuti awerenge mokweza. Mwana wotero akamva nkhaniyi sayang'ana ngati chilombo cha pa siteji chasokedwa bwino.

Palinso china chimene ndimaona kuti akuluakulu anachidutsa msanga. M'nthano zakale za Agiriki milungu inkabereka ana ndi anthu wamba n'kuwasiya. Seweroli laima pa mbali ya ana osiyidwawo. Annabeth, mnzake wa Percy, akulimbana kuti mayi ake, mulungu wamkazi Athena, amuone. Luke, mwana wa mulungu Hermes, mkwiyo wa kutayidwa ndi bambo ake wamudya mpaka wasanduka mdani. Pali achinyamata ambiri amene mkwiyo umenewu akuudziwa bwino, ndipo rock ndi nyimbo yoti munthu akuwe nayo zimene sangathe kunena pakhomo.

Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi cha mphoto za Tony, zimene amapereka ku masewero a pa Broadway. Mu 2020 Covid inatseka maholo, masewero oimba oyenera kupikisana anali 4 okha, ndipo ili lokha ndi limene linali ndi nyimbo zopekedwa kumene. Sanalitchule ngakhale pa mphoto imodzi. Pa mphoto ya nyimbo anasankha masewero olankhula okhaokha, ndipo pa ya mwamuna wotsogolera sewero loimba anaika dzina limodzi basi, la Aaron Tveit, kusiya Chris McCarrell amene ankasewera Percy.

Wokonda zisudzo:

Aphunzitsi, ndikugwirizana nanu pa za ana, koma tisawasandutse olemba ndemanga adani a nthano za Agiriki. Mu 2019 momwemo, Hadestown ya Anaïs Mitchell, yomwenso ndi sewero loimba lofotokoza nthano ya Agiriki ya Orpheus ndi Eurydice, anaiyamikira ndipo inatenga mphoto za Tony 8. Dandaulo lawo pa Percy linali lomveka: nkhani imathamanga kwambiri pofuna kulowetsa buku lonse m'maola awiri, phokoso limachuluka, ndipo amene sanawerenge bukulo amasochera. Ambiri mwa ana ankalowa akuidziwa kale nkhani, ena ali ndi chilonda cha filimu ya mu 2010 imene inasintha zambiri za m'buku, ndiye kungoona sewero lotsata bukulo mokhulupirika kunawakwanira. Wolemba ndemanga amalemberanso kholo limene silikudziwa kalikonse ndipo likufuna kudziwa ngati ndalama zake zipite kumeneko.

Wagitala:

Zoona achimwene, ndipo Hadestown inakonzedwa kwa zaka zoposa 10 isanafike pa Broadway. Percy anangokhalako masabata 16, n'kutseka pa 5 Januwale 2020 monga anakonzera. Koma taonani kuti atapita nalo ku London mu 2024 sanalowe nalo m'holo zikuluzikulu. Analiika ku The Other Palace, ya anthu 300 ndi pang'ono, kumene wokhala kumbuyo amaona nkhope ya woimba.