K90,000 ya m'thumba la zadzidzidzi yapita ku makina owotcherera

Mlembi: Mwaswera bwanji nonse. Pepani, nkhaniyi siyodikira msonkhano wa Loweruka wa gulu lathu losunga ndi kubwereketsana ndalama. Dzulo mayi athu a ku Zolozolo anapempha thandizo la m'thumba la zadzidzidzi, mwana wawo wagonekedwa kuchipatala. M'buku mwanga thumbali lili ndi K115,000. M'bokosi tapezamo K25,000. A Msungichuma, tiuzeni pagulu pano.

Msungichuma: Sindibisa. K90,000 ndinapatsa bambo a ku Chibavi masabata awiri apitawo. Anati abweza pasanathe masiku asanu. Ndinalakwa kusauza gulu.

Mayi a ku Chiputula: Bokosi lili ndi maloko atatu, kiyi imodzi ili ndi ine. Munatsegula bwanji?

Msungichuma: Sindinatsegule, mayi. Ndi ndalama zomwe anthu ananditumizira pa Airtel Money ndi Mpamba. Zinali zikadali mu foni, ndisanatape.

Mayi a ku Zolozolo: Ndikulemba ndili pambali pa bedi la mwana. Chiyambire Januware sindinaphonyepo sabata kusonkha m'thumba limeneli. Dzulo ndinachita kukongola ya kabaza kwa mnzanga wa pamsika kuti ndibweretse phala kuno. Mtima ukundiwawa kwambiri. Thumbali tinati ndi la matenda ndi maliro, ndipo tonse tinasaina.

Bambo a ku Chibavi: Mayi, ndikhululukireni, ndachita manyazi. Ndifotokoze mmene zinayendera. Ngongole yanga ya K360,000 munavomereza nonse, katatu ka masheya anga monga lamulo limanenera. Makina ndinagula K330,000, yotsalayo inapita ku waya wautali wofika panja. Ndinkafuna ndizipangira ndekha tizinthu ta pakhomo: geti yomwe inaguluka, khola la nkhuku, zitsulo za m'mawindo. Nditafika nawo kunyumba m'pomwe ndinazindikira kuti makina okha sagwira ntchito. Pankafunika gilayinda yodulira ndi kusalazira, chipewa chotchinga maso, ndi marodi, tizitsulo tomwe timasungunuka powotcherera. Tsiku loyamba ndinawotcherera ndi magalasi wamba akuda, usiku maso ankangokhala ngati athiridwa mchenga. Ndiye ndinathamangira kwa a Msungichuma. Gilayinda K55,000, chipewa K20,000, marodi K15,000. Malisiti alipo.

Mayi a ku Chiputula: Malisiti sakuchiza mwana. Nanga masiku asanu aja anathera kuti?

Bambo a ku Chibavi: Ndinapeza ganyu ya geti kwa neba, ndimati ikandilipira ndibweza. Koma makinawa akumazima ntchito ili mkati, kagetsi kachikasu kamayaka, nthawi zina magetsi a nyumba yonse amathima pabolodi. Ndikuganiza kuti anandigulitsa achinyengo. Pempho langa ndi lakuti gulu litenge makinawa ngati chikole, muwagulitse, muchotsepo zanu.

Mlembi: Tikumbukire kuti pa K360,000 ija chiwongoladzanja cha mwezi uno ndi K72,000, ndipo sichinalowe.

Achimwene a ku Luwinga: Ndilankhuleko, poti ntchito yowotcherera ndi imene imandidyetsa. Lamulungu ndinapita kukawaona makinawo, ndipo sanafe. Ndi timakina ting'onoting'ono ta inverter, topepuka, tonyamula ndi dzanja limodzi. Pabokosi alemba kuti mphamvu yake ndi 250A, koma pa makina otchipa nambala imeneyo musamaikhulupirire kwambiri. Yang'anani kambale kakumbuyo, pomwe alemba duty cycle. Akalemba 30%, ndiye kuti pa mphindi 10 zilizonse mumawotcherera mphindi 3, zotsala 7 makina azipuma fani ikuzungulira. Bambo athuwa ankawathamangitsa osapuma, ndi marodi okhuthala a 3.2mm, mphamvu atakweza mpaka pamapeto. Kagetsi kachikasu kaja ndi chitetezo, makina amadzizimitsa okha akatentha kuti asapse.

Zothima pabolodi nazo zili ndi chifukwa. Soketi zathu za m'nyumba ndi za 13A, ndipo iwo analumikiza ndi waya wowonda, wautali, theka lake akadali wokulungidwa. Waya woteroyo amatentha, mphamvu imafika yofooka. Pa chitsulo cha geti ndi cha m'mawindo, rodi ya mtundu wa 6013 ya 2.5mm pa mphamvu ya 70 mpaka 90A imakwana, makina savutika. Chinanso, marodi ndinawapeza pansi m'khitchini ya panja. Ndi chinyontho cha kuno ku Mzuzu, rodi ikanyowa imangothetheka ndi kumata pachitsulo, kenako munthu amakweza mphamvu poganiza kuti makina ndi ofooka. Ndinayesa ndi marodi anga ouma, anawotcherera bwinobwino.

Ndinene mosapsatira, bambo: mukanandifunsa musanagule, ndikanakuuzani kuti mtengo wa makina ndi chiyambi chabe. Tinalakwanso ife, tinavomereza ngongole osafunsa kuti zina zonsezo mugula ndi chiyani.

Mayi a ku Mchengautuwa: Zikomo achimwene. Ndiye za chikolezo ine ndikukana. Tinabwereketsa ndalama, sitinagule makina. Tikawalandira lero, mawa wina adzabweretsa filiji, wina njinga. Pogawana mu Disembala tidzagawana zitsulo? Ndalama zanga ndikufuna ndikagulire feteleza, ndipo chigwereni Kwacha ndi 44% mu Novembala 2023 mukudziwa mmene mitengo ikuthamangira. Makina ogwiritsidwa kale ntchito sangagulidwenso K330,000.

Mayi a ku Chiputula: Ine changa chili pa a Msungichuma. Bambowa anapempha, koma wopereka ndi amene tinamudalira.

Msungichuma: Ndavomera. Chindapusa chilichonse ndilipira. Lero lomwe nditumiza K40,000 ya m'thumba mwanga kwa mayi a ku Zolozolo, bambo a ku Chibavi adzandibwezera ine.

Bambo a ku Chibavi: Ndili ndi matumba awiri a chimanga, ndigulitsa mawa m'mawa, ndiwonjezera ndi nkhuku. K50,000 ifika kwa a Mlembi dzuwa lisanalowe.

Wapampando: Ndawerenga zonse, ana anga. Mwana wodwala ndiye woyamba. K25,000 ya m'bokosi ndi K40,000 ya a Msungichuma zipite kwa mayi lero, osunga makiyi tikumane 4 koloko kwathu. K50,000 ya mawa ibwerere m'thumba. Makina gulu silitenga. Ngongole ndi chiwongoladzanja zikhala monga tinalembera, sitichotsapo kanthu. Chindapusa cha a Msungichuma tikachikambe Loweruka maso ndi maso, pamodzi ndi lamulo lakuti ndalama zobwera pa foni zizitapidwa tsiku la msonkhano ndi kuwerengedwa tonse tikuona.

Achimwene a ku Luwinga: Geti ya neba ija tikamalize limodzi Lachisanu ndikaweruka. Ndibweretsa waya wokhuthala. Koma malipiro ake asadutse m'manja mwanu, bambo, apite kwa a Mlembi.

Bambo a ku Chibavi: Ndavomera, achimwene.

Mayi a ku Zolozolo: K40,000 yalowa, ndaona uthenga. Mwana wamwa phala pang'ono masana ano. Loweruka mwina sindibwera, masheya anga nditumiza ndi achemwali anga.

Mlembi: Ndalemba zonse m'buku. Osunga makiyi, 4 koloko.