Wantchito uja kumapeto akupezeka kuti ndi mwana wa bwana, inu zimakusangalatsani zimenezi?

Nasibeko:
Moni nonse okonda mabuku. Ndiululatu mathero apa, amene simufuna kuuzidwiratu dumphani. Ndangomaliza buku lina la chikondi, nkhani yake ikuchitikira ku England m'chaka cha 1815, nkhondo ya Waterloo itangotha. Mnyamata ndi mwana woyamba wa earl (bwana wa udindo wapamwamba wobadwa nawo ku England), wabwera kunkhondo akutsimphina, mtsikana ndi wantchito wa m'nyumba mwawo momwemo, amene amakoleza moto m'zipinda mbandakucha mabwana asanadzuke. Koyambirira ndinalikonda zedi, mmene ankakumanirana mozemba pa masitepe a antchito, mtsikanayo osatha n'komwe kumuyang'ana kumaso poti ndi bwana, uku mayi ake a mnyamata ali kalikiliki kumusakira mkazi wandalama chifukwa banjalo lamira m'ngongole. Ndiye kufika chaputala chomaliza eti mtsikana uja ndi mwana wa munthu wina wolemera, anasowa ali khanda, chuma chake chikungomudikira. Ase! Ndiye misozi yonse ija timalirira chani? Funso langa ndi loti maukwati otere ankachitikadi nthawi imeneyo, kapena wolemba anaona kuti n'zosatheka ndiye anangoti bola amupatse magazi apamwamba?

Chiwerengeni:
Achemwali, ankachitika ndithu koma mwa apo ndi apo, ndipo sanali okoma ngati a m'mabukuwa. Mu 1825 Sir Harry Fetherstonhaugh, mwini nyumba ya Uppark ku Sussex, anakwatira Mary Ann Bullock, mtsikana wogwira ntchito ya mkaka pakhomo pake. Mkuluyo anali ndi zaka 70, mtsikanayo pafupifupi 20, anamutumiza ku Paris akaphunzire makhalidwe a azimayi apamwamba, ndipo atamwalira mu 1846 nyumba yonse anasiyira iyeyo. Taonani zakazo, si mnyamata wokongola wa pachikuto cha buku ayi kkkk. Wina ndi Arthur Munby, munthu wophunzira zamalamulo, anakwatira Hannah Cullwick wantchito wa m'nyumba mu 1873, koma mobisa, kwa anthu ambiri mkaziyo ankaonekabe ngati wantchito wake basi, nkhani inadzafalikira mwamunayo atamwalira mu 1910.

Chimene chinkavuta kwenikweni ndi ndalama osati manyazi okha. Malo ndi udindo zinkapita kwa mwana woyamba wamwamuna, nthawi zambiri zitamangidwa ndi mapepala oti sangagulitse, ndiye banja likakhala pa ngongole njira yachidule inali mkazi wobwera ndi chuma. Mayi aja musawade kwambiri, masamu awo anali olondola.

Mwatipa:
Ine ndiye sindikuonapo vuto abale. Ndikatenga buku lachikondi ndimakhala ndikudziwa kale kuti atengana, chimene ndimafuna n'choti mtima uthamange panjirapo, za mbiri yeniyeni ndikazifuna ndikawerenga buku la mbiri. Komanso mnyamatayo anamukonda asanadziwe za chumacho eti? Ngati anamufunsira akadali ndi phulusa m'manja ndiye mayeso anakhoza, zinazo ndi bonasi chabe.

Nasibeko:
A Mwatipa apo ndi pamene pandipweteka, sanamufunsire! Amangolira kuti ndimakukonda koma sindingathe, mpaka loya anabwera ndi makalata aja, kenako m'mawa mwake ali chogwada. Mayeso sanalembe n'komwe ameneyo.

Gogo_wa_mabuku:
Mwana wanga Nasibeko wanena zoona, ndipo pali china chimene olembawa amachilambalala. Pachibwenzi chotere amene akuika moyo pachiswe ndi mtsikana yekha. Akawagwira, mnyamata amukalipira pang'ono mwina kumutumiza ku London akapitidwe mphepo, koma wantchito amuthamangitsa tsiku lomwelo wopanda kalata yomuchitira umboni wa khalidwe, ndipo popanda kalata imeneyo nyumba ina yolongosoka sinkamulemba ntchito, akakhala ndi pakati ndiye kwatha. Ndiye bwana akamukoka dzanja pa masitepe paja ine sindimva kukoma msanga, ndimayamba ndafunsa kuti kodi mwanayu akanakana zikanamuthera bwanji. Wolemba waluso amaonetsa kuti mtsikana akudziwa zonsezi, akuwerengera, ndipo akusankha yekha.

Chuma chotulukira kumapetocho muonenso kuti chikupindulira ndani. Malamulo a ku England nthawi imeneyo mkazi akakwatiwa katundu wake ankakhala m'manja mwa mwamuna, pokhapokha abale ake atamutchinjiriza ndi mapepala a maloya ukwati usanachitike, zinadzasintha ndi malamulo a 1870 ndi 1882. Ndiye mnyamata wapeza mkazi amene amamufuna, ngongole zatha, mayi ake asangalala, iye osataya kanthu olo kamodzi.

Chiwerengeni:
Agogo mwalasa. Komanso wolemba akanafuna njira inalipo. Lamulo la 1753 linkati amene sanakwane zaka 21 sangakwatire popanda chilolezo cha makolo, koma silinkagwira ntchito ku Scotland, n'chifukwa chake anthu ankathawitsana kupita ku Gretna Green kungowoloka malire. Ngati onse anali opitirira 21 ndiye panalibe lamulo lowaletsa, kunali kungolimba mtima basi n'kuvomera kuti anzako asiya kukuitana ku madansi.

Mwatipa:
Chabwino mwandigonjetsa pa mnyamatayo, ndi wamantha. Koma buku lothera ku umphawi ine sindigula, ndanena.

Nasibeko:
Sindikufuna athere ku umphawi ayi, akhale m'nyumba yomweyo. Ndimafuna ndione tsiku loyamba mtsikanayo atakhala patebulo ngati mayi wa nyumba, amene akumuperekera mbale ndi mnzake uja ankagona naye chipinda chimodzi kudenga, mkulu wa antchito amene ankamukalipira dzana lomweli akuyenera kumuweramira, apongozi ali duu kumuyang'ana mmene wagwirira foloko. Machaputala atatu a zimenezo ndikanawerenga usiku wonse. Amene mukudziwa buku lotere, loti wantchito ndi mwana wa anthu wamba mpaka peji yomaliza, ndiuzeni chonde.