Kuwonjezera pa funso la ulendo wa ku Lengwe

Abale a ku Thyolo munafunsa ngati tchuthi cha Disembala nchabwino popita ku paki ya nyama zakutchire ya Lengwe ku Chikwawa, tinati dikirani mvula ithe. Koma musathamangire Meyi kapena Juni. Udzu umakhala udakali wautali, madzi ali paliponse, ndiye nyama zimabalalika. Pitani pakati pa Ogasiti ndi Okutobala, tchire litayera, zithaphwi zitauma. Apo nyala ndi njati zimabwera zokha pa maiwe omwera. Chenjerani ndi Okutobala: ku Chikwawa kutentha kumafika madigiri 40, si kamphepo ka m'minda ya tiyi kano, choncho lowani m'mamawa, madzi akumwa ali m'galimoto. Disembala dothi la makande limatitimiza ngakhale galimoto yamphamvu ya 4x4. Mwezi umenewo ngwa okonda mbalame, pa boti ku paki ya Liwonde.